Likasa Silimenya Nkhondo: Mawu kwa Olemba Mayeso ndi Makolo Awo



Chisanu chafika kuno ku Mlangeni, ndipo chafika ndi mnzake wa chaka ndi chaka, nyengo ya mayeso. M'nyumba zambiri za m'parishi mwathu muli mwana amene masiku ano nsima sikumutsika bwino, tulo natonso tikumuthawa. Mawu a lero akupita makamaka kwa inu ang'ono anga a Folomu 4 amene mukuyembekeza kulemba MSCE, ndipo mukuopa mapepala aja ofuna kuti mulembe chimangirizo kapena mayankho aatali wotchi ikuyenda. Makolo anga, musapinde tsambali n'kuliika m'thumba poganiza kuti ndi la ana. Gawo lanu lilimo.

Nkhondo ya ku Afeki

Mukafika kunyumba muwerenge 1 Samuele 4:1-18. Aisraele anapita kukamenyana ndi Afilisti. Iwo anamanga misasa ku Ebenezeri, adani awo ku Afeki. Pa nkhondo yoyamba Aisraele anagonja, ndipo anthu pafupifupi 4,000 anafera pomwepo. Akuluakulu atakhala pansi anafunsana chifukwa chimene Chauta anawalekera kuti agonje. Funso linali labwino, koma yankho sanalidikire. Sanaunike moyo wawo. Sanafunse za Hofeni ndi Finehasi, ana a Eli, ansembe amene ankalanda nyama ya nsembe kwa anthu obwera kudzapembedza ku Silo. Anangotuma anthu kuti akanyamule likasa la chipangano, lija ena amalitchula kuti bokosi lachipangano, poganiza kuti likangofika kumisasa nkhondo yatha.

Litafika, Aisraele anafuula mpaka nthaka inanjenjemera. Afilisti anachita mantha, koma mantha omwewo anawachititsa kumenya nkhondo molimba kuposa kale. Tsiku limenelo Aisraele 30,000 anaphedwa, ana awiri a Eli anafa, ndipo likasa lomwelo linalandidwa. Eli, nkhalamba ya zaka 98, atamva uthengawo anagwa chagada pampando wake, khosi n'kuthyoka.

Likasa linali loyera, ndipo vuto silinali pa likasalo. Vuto linali lakuti anthu anafuna kumunyamula Mulungu ngati chithumwa, kuti awagwirire ntchito imene iwo anakana kugwira, ya kutembenuka mtima ndi kukonza njira zawo.

Ana a sukulu mwayamba kale kumwetulira, chifukwa mawu akuti likasa mumawadziwa mwanjira ina. Kusukulu, likasa ndi kapepala kobisa m'sokosi, mayankho olemba pantchafu, kapena mafunso amene wina akuti awatulutsa usiku pa WhatsApp. Dzinalo linagwa pamalo pake, pakuti amene amalowa nalo m'chipinda cha mayeso amaganiza monga ankaganizira akuluakulu a ku Ebenezeri: ndikangokhala nacho ichi, ndapulumuka. Lero ndikuchenjezani za malikasa awiri.

Likasa loyamba: la m'sokosi

M'mwezi wa Novembala 2020, boma linaimitsa mayeso a MSCE ali mkati chifukwa mapepala ena anali atabedwa n'kufalikira pa mafoni. Chaka chimenecho ana anali atakhala kale kunyumba miyezi yambiri sukulu zitatsekedwa chifukwa cha Covid-19. Bungwe la MANEB linakonza mayeso ena, ndipo onse analembanso mu Januwale 2021. Chilango chinagwera aliyense, ngakhale mtsikana wa kumudzi amene analibe foni ndipo pepala lobedwalo sanalione n'komwe. Makolo amene anagulitsa mbatatesi ndi mbuzi kuti mwana akhale pafupi ndi malo olembera anayambanso kusakasaka ndalama. Nsomba ikawola imodzi, zonse zawola.

Kubera mayeso kumaphwanya malamulo awiri a Mulungu nthawi imodzi. Ndi kuba, chifukwa walanda malo a mnzako amene anawerenga moona. Ndi bodza, chifukwa satifiketi imene udzanyamule idzakhala ikukuchitira umboni wonama moyo wako wonse. Tsono taganizirani kumene bodzalo limakathera. Amene wadutsa ndi likasa lero, mawa ndiye namwino wodzabaya amayi anu jakisoni, ndiye mphunzitsi wodzaima patsogolo pa mwana wanu, ndiye mlangizi wodzakuuzani mlingo wa mankhwala opopera tomato. Wina akakuuzani kuti aliyense akuchita zomwezo, muyankheni kuti pa ubatizo wanu munaitanidwa ndi dzina lanu, simunaitanidwe kuti aliyense.

Likasa lachiwiri: la m'thumba la korona

Likasa ili ndi lovuta kuliona, chifukwa limaoneka ngati chikhulupiriro. Mwana sanatsegule buku chaka chonse. Mayeso atatsala masabata awiri wayamba novena, wabwera ndi zolembera kuti bambo mfumu azidalitse, waika korona m'thumba la yunifolomu, ndipo akuti Mulungu aona yekha. Ena amapitirira apo, m'mawa ku Misa, madzulo kwa sing'anga kukatemera mphini pa dzanja lolembera.

Mundimve bwino. Novena ndi yabwino. Korona ndi pemphero lamphamvu. Kudalitsa ana ndi zolembera zawo ndi mwambo wokoma, ndipo tipitirize. Koma Katekisimu wa Mpingo wa Katolika, pa ndime 2111, amatichenjeza kuti munthu akamadalira mawu a pemphero kapena zizindikiro zooneka pazokha, mtima wake osasintha, wagwa m'zikhulupiriro zachabe. Ambuye Yesu yemwe, satana atamuuza kuti adziponye pansi kuchokera pamwamba pa Nyumba ya Mulungu poti angelo amuwakha, anakana kumuyesa Mulungu. Kulowa m'mayeso osawerenga n'kumati Mulungu andiwakha ndi kudziponya komweko. Pamenepo amene akulemba mayeso sukhalanso iwe, wamuika Mulungu pa desiki kuti akulembere.

Ambiri mumakonda Joseph wa ku Cupertino Woyera, nkhoswe ya olemba mayeso, wansembe wa chipani cha Francis Woyera amene anakhala ku Italy kuyambira 1603 mpaka 1663. Amasimba kuti sukulu inkamuvuta kwambiri, ndipo pa mayeso ena anafunsidwa ndime yokhayo ya Mthenga Wabwino imene ankaidziwa bwino. Timakonda kukumbukira mwayiwo, n'kuiwala kuti ndimeyo anaidziwa chifukwa anaivutikira. Mutu wake unkagwira zochepa, koma zochepazo anazigwiritsa. Chisomo chinapeza pokhala.

Mafuta sabwerekana pakati pa usiku

Fanizo la anamwali khumi pa Mateyo 25:1-13 limatisautsa pang'ono. Anamwali ochenjera aja bwanji sanagawireko anzawo mafuta? Kodi si umbombo? Ayi. Pali zinthu zina zimene munthu sangabwereke nthawi ikakwana. Woyang'anira mayeso akangonena kuti yambani, mnzako wa pamtima amene wakhala desiki yoyandikana nawe sangakuthirireko zimene zili m'mutu mwake. Mafuta amagulidwa kukadali kowala. Ndipo pa mayeso olemba nkhani yaitali, mafutawo ali mitundu itatu.

Oyamba ndi kudziwa. Kuwerenga notsi kasanu uli gone pamphasa kumanyenga, chifukwa maso amazolowera tsamba ndipo umayesa kuti wadziwa. Njira yoona ndi iyi: werengani mutu umodzi, tsekani buku, tengani pepala, lembani zonse zimene mukukumbukira, kenaka tsegulani muone zimene zathawa. Zothawazo ndiye muzibwereze mawa, ndiponso pakatha masiku atatu. Mlimi wa mbatatesi sathira feteleza yense dzulo la tsiku lokumba. Amathira pa nthawi yake, amapalira, amakwezera, ndipo mbatatesi imakula mobisika m'nthaka. Pang'onopang'ono ndi mtolo.

Achiwiri ndi dzanja. Ambiri amadziwa mfundo koma sanayambe alembapo chimangirizo chathunthu kuchokera pa chiyambi mpaka pa mathero osapumira. Pa tsiku la mayeso dzanja limauma pa tsamba lachiwiri, makamaka ndi kuzizira kwa m'mawa kwa kuno kwathu. Anyamata ndi atsikana amene amaphunzira ku sukulu ya apolisi kuno ku Mlangeni sayamba kuguba pa tsiku lotsiriza maphunziro, alendo atakhala kale pamipando. Amaguba tsiku ndi tsiku mpaka mwendo umadziwa wokha. Inunso lembani. Pemphani aphunzitsi mapepala a zaka zam'mbuyo, ndipo kawiri kapena katatu pa sabata muyankhe funso limodzi lonse ndi cholembera chimene mudzalembere mayeso.

Achitatu ndi wotchi. Poyeserera kulemba, ikani wotchi patsogolo, kapena pemphani mlongo wanu akuwerengereni nthawi, ndipo ikakwana ikani cholembera pansi ngakhale chiganizo chili pakati. Zimawawa, koma ndi bwino zikuwaweni kunyumba. Mukatero kangapo mudzadziwa kuti m'mphindi 25 dzanja lanu limalemba mizere ingati, ndipo wotchi ya m'chipinda cha mayeso idzaleka kukhala mdani wosadziwika.

Mukhozanso kukumana atatu kapena anayi a mumphakati umodzi. Sankhani funso, lembani nonse nthawi imodzi mwakachetechete, kenaka sinthanani mapepala. Mnzako amaona msanga pamene wasochera. Amene akudziwa phunziro lina afotokozere anzake, pakuti kuthandizana kotere ndi chikondi, ndipo wophunzitsa mnzake amadziwa kawiri. Safunsa anadya phula.

Pepala likafika patsogolo panu

Pa Luka 14:28-30 Ambuye akunena za munthu wofuna kumanga nsanja, amene amayamba wakhala pansi n'kuwerengera ngati ali ndi zokwanira kuimaliza, kuopa kuti angasiyire pa maziko anthu n'kumamuseka. Pepala la mayeso nalonso limafuna munthu woyamba wakhala pansi.

Choyamba, werengani malangizo onse. Akufuna mafunso angati? Kuchokera m'gawo liti? Malikisi a funso lililonse ndi angati? Ana ambiri anzeru ataya malikisi chifukwa choyankha mafunso awiri m'gawo lofuna limodzi.

Chachiwiri, gawani nthawi. Tiyerekeze kuti pepala ndi la maola awiri ndipo likufuna mafunso anayi a malikisi ofanana. Mphindi 10 zoyamba ndi zowerenga ndi kusankha, funso lililonse mphindi 25, ndipo mphindi 10 zotsala ndi zobwereza zimene mwalemba. Nthawi ya funso ikatha, siyani mpata pansi pake ndipo pitani pa lina. Malikisi oyamba a funso lililonse ndi osavuta kuwapeza kuposa otsiriza. Amene wakometsa funso limodzi kwa ola lathunthu n'kusiya lachinayi losakhudza wamanga khoma limodzi lokongola pa nyumba yopanda denga.

Chachitatu, mverani funso. Dulani mzere pansi pa mawu amene akukuuzani chochita: kutchula, kufotokoza, kusiyanitsa, kupereka zifukwa. Ngati funso likufuna njira zotetezera nthaka kuti isakokoloke, musathe tsamba lonse mukulongosola kuipa kwa kukokoloka kwa nthaka. Lembani za akalozera, za mizere yopingasa phiri, za udzu wa vetiva, za kubzala mitengo. Apa ndi pamene amagwera amene analoweza chimangirizo chathunthu kunyumba. Amafika ndi yankho lophikaphika n'kulikakamiza pa funso limene silinafunsidwe. Kumvera funso ndi kudzichepetsa, ndipo ndi khalidwe lomwe timaphunzira pomvera Mawu a Mulungu: uyambe wamva, kenaka uyankhe.

Chachinayi, musanayambe kulemba tengani mphindi zitatu kapena zisanu kundandalika mfundo zanu mwachidule, n'kuziika manambala. Kenaka chiyambi chikhale chachifupi, ndime iliyonse ya thunthu inyamule mfundo imodzi pamodzi ndi kufotokoza kwake ndi chitsanzo, ndipo mathero amange zonse. Thomas Aquinas Woyera, nkhoswe ya ophunzira, amene anamwalira mu 1274, analemba buku lake lalikulu la Summa Theologiae mwa dongosolo limodzi kuyambira poyamba mpaka pamene analekezera: amaika funso, amatchula maganizo otsutsa, amapereka yankho lake, kenaka amayankha otsutsawo mmodzimmodzi. Munthu wa pemphero lozama chotere sanaone dongosolo ngati chinthu chopanda uzimu. Mulungu amene analenga dziko tsiku ndi tsiku, chilichonse pa malo pake, amalemekezedwa ndi ntchito yolongosoka.

Chachisanu, lembani zooneka. Wochonga ali ndi mulu wa mapepala, ndipo sangapereke malikisi pa mawu amene akulephera kuwawerenga.

Mutu ukaima

Zimachitika. Watembenuza pepala, mtima wagunda, m'manja mwatuluka thukuta pa chisanu chonsechi, ndipo zonse zimene unawerenga zasowa ngati mbalame zoona mphamba. Musayang'ane anzanu amene ayamba kale kulemba, chifukwa kuthamanga sikufika. Ikani cholembera pansi. Pumani mpweya wautali katatu. Itanani Mzimu Woyera ndi mawu ochepa a mumtima mwanu. Kenaka yambani ndi funso limene mukulidziwa bwino, ndipo lembani mfundo imodzi yokha. Yachiwiri imabwera ikaona yoyamba ili papepala.

Pa Yohane 14:26 Ambuye analonjeza ophunzira ake kuti Mzimu Woyera adzawakumbutsa zimene Iye anawauza. Lonjezolo likunena za mawu a Yesu, koma likutiphunzitsa kanthu za kagwiridwe ntchito ka Mzimu. Ophunzira aja anakumbutsidwa chifukwa anali atayenda naye ndi kumumvera. Munthu amakumbutsidwa zimene anamvapo. Pemphero la m'chipinda cha mayeso limachotsa mantha amene aphimba zimene munaika m'mutu, monga mphepo ichotsera chifunga pa phiri. Phirilo liyenera kukhala lilipo kale.

Usiku wa mayeso gonani. Kuchezera ndi buku mpaka tambala woyamba, mapazi ali m'beseni la madzi ozizira, kumangokupatsani mutu wolemera m'mawa. M'mawa idyani kanthu, ngakhale phala kapena mbatata yootcha. Zolembera ziwiri ndi chiphaso chanu cha mayeso muziike pamodzi madzulo.

Kwa inu makolo ndi akhristu a m'miphakati

Amayi ndi abambo anga, ndikulankhula monga mwana wanu, ndipo mundikhululukire ngati mawu alimba. Mwana sangagule mafuta aja ngati sitimupatsa mpata. Masabata ano, tsiku la msika ku Lizulu lisamudyere tsiku lonse mwana wa Folomu 4. Kudimba apiteko ena. Makamaka tiyang'ane ana aakazi. Nthawi zambiri mnyamata amakhala ndi buku pakhonde pamene mlongo wake, amene akulemba mayeso omwewo, ali kumjigo, kenaka kumoto, kenaka akutsuka mbale mpaka mdima. Mafunso a MANEB sachepa chifukwa wolembayo anatunga madzi. Gawani ntchito mwachilungamo. Ngati m'nyumba muli tochi kapena nyale ya sola imodzi, masiku ano ikhale ya wolemba mayeso. M'mphakati mwanu muli mwana wamasiye amene akulemba chaka chino. Kodi mukumudziwa dzina? Ali ndi cholembera, sopo, juzi, chakudya cha m'mawa?

Ndiponso, ndalama yanu isagule likasa. Kholo limene lapereka ndalama kuti mwana apeze mafunso obedwa lamuphunzitsa phunziro limene sadzaliiwala, lakuti choona chili ndi mtengo wake pamsika. Eli sanabe nawo nyama ya nsembe, koma anadziwa zochita ana ake ndipo sanawaletse mwamphamvu. Mathero ake tawaona.

Lilime nalonso tilisamale. Mawu akuti ukalephera usabwerenso pakhomo pano sawonjezera mwana malikisi, amangomuwonjezera mantha, ndipo mantha ndiwo amakankhira ana ku likasa.

Zotsatira zikadzatuluka

MSCE ndi yofunika, ndipo sindikuchepetsa. Amachonga kuyambira 1 mpaka 9, amawerengera maphunziro asanu ndi limodzi amene wakhoza bwino, ndipo wofuna malo ku yunivesite ya boma amayenera kukhala ndi makirediti asanu ndi limodzi, Chingerezi chili momwemo. Khomo la uphunzitsi, la unamwino, ngakhale la sukulu ya apolisi ili pafupi nafeyi limafunsa satifiketi imeneyi. N'chifukwa chake ndikukulimbikitsani kuti muivutikire.

Koma mapointi amayeza zimene munalemba m'maola ochepa aja. Sayeza mtengo wanu pamaso pa Mulungu, umene unalipiridwa kale pa mtanda. Nkhani ya likasa sinathere ku Afeki. Patapita zaka, Samuele anasonkhanitsa Aisraele ku Mizipa, anataya milungu yachilendo, anasala zakudya, anavomera kulakwa kwawo, ndipo Afilisti omwe aja anagonja. Samuele anaimika mwala n'kuutcha Ebenezeri, mwala wa chithandizo, dzina lomwe lija la malo amene anagonjerapo poyamba. Mulungu wathu amadziwa kulemba chipambano pa dzina limene linali la manyazi. Amene zidzamuvute chaka chino akhoza kubwereza, akhoza kulembanso, akhoza kuphunzira luso la manja. Mwana aliyense amve izi kuchokera kwa ife lero, zotsatira zisanatuluke: palibe pepala limene lingafanane ndi moyo wako. Mtima ukadzalemera mpaka kuganiza zodzipweteka, usakhale wekha. Pita kwa kholo, kwa mphunzitsi, kwa bambo mfumu, kwa aliyense wa ife, ulankhule.

Tsono ang'ono anga, werengani, lembani, yang'anani wotchi, bwerani ku Misa, lapani, landirani Ukaristia. Korona ikhale m'thumba monga chikumbutso chakuti Amayi Maria akukupemphererani, ndipo m'sokosi musakhale kanthu koma phazi. Mukalowe m'chipindamo ndi manja oyera. Kirediti yoona ya 6 ndi yolemera pamaso pa Mulungu kuposa 1 wakuba.

Tipemphere

Atate a chifundo, tikupereka kwa Inu ana athu onse amene akulemba mayeso chaka chino. Apatseni khama masiku otsalawa, tulo tabwino usiku, ndi mtima wodekha pepala likafika. Mzimu wanu awachotsere mantha, awakumbutse zimene anaphunzira, ndipo awalimbitse kukana njira zachidule. Dalitsani aphunzitsi, oyang'anira mayeso ndi ochonga, kuti agwire ntchito yawo mwachilungamo. Ife makolo ndi abale mutiphunzitse kuwathandiza ndi manja athu ndi kuwalandira ndi chikondi, zotsatira zikhale zotani. Tikupempha kudzera mwa Khristu Ambuye athu. Amen.